Maliro Amene Ndinaitanira Anthu ku Al Furjan

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka ziwiri. Koma poti Mai Gondwe aifotokozera kale aliyense kutchalitchi, ena mpaka kawiri, ndipo ayamba kuwonjezeramo zimene sizinachitike, ndaona kuti kuli bwino ndidziyalutse ndekha mwadongosolo.

Ine ndine Eneless, kwathu ndi ku Ntcheu. Nthawi imeneyo ndinali nditangotha masabata atatu pa ntchito yatsopano ya m'nyumba ku Al Furjan. Bwana anali a Fernandes, bambo achikulire a ku India, dokotala wa maso wopuma pa ntchito. Akazi awo anamwalira kale, ana ali ku Canada. Munthu wabwino, wosalankhulalankhula. Lamulo lawo linali limodzi lokha: chipinda cham'mwamba chimene ankachitcha study ndisalowemo, ndisakolopemo, ngakhale chitseko chake ndisachigwire ndi manja onyowa. Sindinafunse chifukwa. Kuno ku Dubai wantchito wofunsafunsa sachedwa kuiona airport.

Lachiwiri lina ndikusita malaya, ndinawamva akulankhula pa foni. Atadula anakhala pansi, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kupukuta misozi.

Ine ndi bwana tinkalankhula Chingelezi, changa chija cha Fomu 2, ndiye zambiri ndingomasulira. Koma mawu awa ndiwanena mmene anatulukira, chifukwa ndi amene anandipha.

"Eneless, the funeral is coming. Friday. From London."

Chingelezi changa n'choperewera, koma funeral ndimaidziwa. Ndinazimitsa simbi.

"Pepani kwambiri, sir."

"Ndadikira zaka khumi ndi chimodzi," anatero.

Apa ndinadabwa pang'ono. Kenako ndinati mwina malemu adwala nthawi yaitali. Ngakhale kwathu alipo odwala amene abale amachita kutopa nawo, kungoti sitinena poyera.

"Abwera pa ndege?"

"Pa ndege, m'bokosi lamatabwa. Lamulungu masana kubwera anthu kudzaona. Khumi ndi awiri. Ukonze tiyi ndi samusa."

Anthu khumi ndi awiri! Tiyi ndi samusa! Munthu wachokera ku London konse, amulire anthu osakwana minibasi imodzi, akutafuna samusa.

Ndifotokoze chifukwa chake zinandikhudza chonchi. Bambo anga anamwalira chaka changa choyamba kuno, ndipo madamu amene ndinkawagwirira ntchito nthawi imeneyo anati tchuthi sichinakwane. Maliro a bambo ndinaonera pa foni nditadzitsekera m'bafa, network ikudukaduka. Bokosi likutsika m'manda, chithunzi chinaima, chinadzayambanso kuyenda anthu akubalalika. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti maliro aliwonse ogwa pafupi ndi ine adzalirika bwinobwino, kaya ndi a yani.

Lachisanu kunabwera galimoto yoyera. Munatsika amuna awiri ovala magolovesi oyera, atanyamula bokosi pang'onopang'ono, mapazi akuyendera limodzi. Pambuyo pawo panali a Tembo, mlonda wa pa geti la dera lathu, bambo a ku Chipata ku Zambia amene ankanditenga ngati mlongo wawo. Ndinali nditawauza kale za zovutazo, ndiye anavula chipewa.

Vuto linali bokosilo. Linali lophwatalala ngati chitseko cha kabati.

"A Tembo, munthu angakwanemo umu?"

"Sisi, aba banthu bamashoka. Manje ni phulusa chabe ili mukati."

Kushoka ndiye kuwotcha. Ndinavomera.

"Nanga kuphwatalalaku?"

"Ndege, sisi. Bamayala kuti space ikwane."

Zinamveka zanzeru. A Tembo anagwirapo ntchito pa hotela ya pafupi ndi airport, ndiye nkhani za ndege sindinkatsutsana nawo.

Bwana analandira bokosilo ndi manja awiri. Kenako anandipatsa malangizo. AC isazime usana ndi usiku. Makatani onse atsekedwe, dzuwa lisalowe. Madzi asayandikire. Munthu asakhudze. Ndinangogwedeza mutu, chifukwa zonsezi ndi zimene amanena ku mochale.

Madzulo ndikuwapatsa tiyi ndinalimba mtima.

"Sir, zaka zingati?"

"Mazana awiri ndi makumi atatu."

Ndinati chisoni chawasokoneza. Ndinachotsa mazana awiriwo, n'kutsala ndi makumi atatu. Mwana wamng'ono ndithu.

"Anavutika kwambiri?"

"Ayi, zili bwino kuposa mmene ndinkaopera. Mawanga pang'ono, kung'ambika pang'ono m'mbali. Tizilombo tinalowa pakona imodzi koma sitinapite patali."

Ndinaika thireyi pansi kuti ndisaigwetse.

"Abale alipo?"

Anaganiza kaye. "Ofanana naye atsala anayi padziko lonse. Awiri sindikudziwa kumene ali."

Ndinapita kukhitchini n'kukalira.

Loweruka m'mawa ndinaimbira Mai Gondwe. Awa ndi mayi a ku Rumphi, amalera ana ku Al Qusais, ndipo ndi amene amatsogolera gulu lathu la amayi achimalawi kutchalitchi. Ali ndi mawu oti akayambitsa nyimbo, ana a eni nyumba atatu oyandikana amadzuka.

"Mai, kwa abwana anga kwagwa zovuta. Mnyamata wa zaka makumi atatu. Anamuwotcha ku London."

"Mayo ine! Ndani wawo?"

"Sindinafunse. Munthu wofedwa sumupanikiza ndi mafunso."

"Wachita bwino, mwana wanga. Mwambo uli bwanji?"

"Anthu khumi ndi awiri. Tiyi ndi samusa."



"Woimba?"

"Palibe."

"Khalas, basi nkhani yatha," anatero Mai Gondwe. "Mawa tikangoweruka ku tchalitchi tili komweko. Iwe konza nyumba."

Lamulungu bwana anadzuka osangalala, ine n'kumati ndi kulimba mtima kwa amuna. Anatsitsa chinthu china kuchokera ku study n'kuchiimika pabalaza pa kathabwa ka miyendo itatu, atachiphimba ndi nsalu yakuda. Ndinadziwa kuti ndi chithunzi cha malemu. Kenako anati akupita ku misa, akatero akatenga mlendo wina ku hotela, abwera 3 koloko.

Atachoka ndinayamba kufunafuna bokosi. Ndinalipeza kuseri kwa masitepe, pafupi ndi vacuum cleaner. Malemu atsamiritsidwa kukhoma pamodzi ndi chokolopera! Ndinalinyamula ndikupepesa. Linali lopepuka kwambiri, koma munthu akapsa satsala wolemera.

Ndinaitana a Tembo, amene anali pa off tsiku limenelo. Tinatulutsa masofa onse, mipando yonse, tebulo lagalasi, n'kuziika panja pa kapinga. Pabalaza tinayala makapeti, bokosi n'kuliika pakati pa katebulo kakafupi, nditaliphimba ndi chitenje changa chatsopano. Kathabwa ka miyendo itatu sitinakagwire, poti bwana anati munthu asakhudze.

"Sisi, pamsewu?" anafunsa a Tembo.

Ndinali nditaiwala! Nyumba ya maliro imadziwika ndi masamba pamsewu. Mitengo yothyola masamba kuno kulibe, koma anthu osamalira maluwa anali atadula makhwatha a kanjedza dzulo lake. Tinakoka awiri akuluakulu, limodzi kumtunda kwa nyumba, lina kumunsi. Galimoto yoyamba inaima, mwini wake n'kutsitsa galasi. A Tembo anangoti, "Funeral, boss," atagwira chipewa pamtima. Munthuyo anadutsa pang'onopang'ono, atazimitsa wailesi. Ndinati Dubai yayamba kuphunzira.

1 koloko amayi anafika. Ena anachokera ku Al Qusais pa Metro, kusintha sitima pakati, ena ku Silicon Oasis pa basi ndi takisi. Onse pamodzi khumi ndi asanu ndi mmodzi, pa tsiku lawo lokhalo lopuma pa sabata, zitenje m'chiuno, mipango kumutu. Anabwera ndi mpunga, shuga, nkhuku zitatu. Nsapato zinadzaza pakhomo. Anakhala pansi mozungulira bokosi, miyendo atatambasula, Mai Gondwe n'kuyambitsa nyimbo.

Ndinene zoona, zinali zokoma. Nyumba ija sinamvepo mawu otero.

Itakwana hafu pasiti thu alendo a bwana anayamba kufika. Anthu ovala bwino, azungu, amwenye, Mwarabu mmodzi wa mkanjo woyera. Ndinaona kuti palibe wovala zakuda, ndipo ambiri anali ndi timagalasi tokulitsira zinthu, ena m'manja, ena tolendewera m'khosi. Ndinati ndi madokotala anzawo a maso.

A Tembo anaima pakhomo ngati mkulu wa mwambo. "Ladies inside. Gentlemen outside." Azibambo asanu ndi awiri anakhala pa masofa pa kapinga, dzuwa la Dubai lili pamutu, osadandaula. Mmodzi anafunsa ngati angalowe kukaona funeral. A Tembo anati nthawi yoona nkhope sinakwane.

Azimayi anavula nsapato n'kukhala pa kapeti. Mayi wina wa ku Germany, wamtali ngati mlongoti, anapinda miyendo movutikira pafupi ndi ine. Nyimbo itatha anaomba m'manja.

"Wonderful!" anatero. Anandinong'oneza kuti a Fernandes chaka chino aganiza mwapamwamba, ndipo anafunsa kuti gulu lathu limapezeka bwanji munthu akalifuna.

"Sitichita kuitanidwa, madam. Tikangomva timabwera."

Anati zimenezo ndiye zodabwitsa kwambiri.

Mai Gondwe anandikodola. "Iwe, wa m'nyumba muno ndiwe. Pamaliro sipangakhale pouma chonchi. Yambitsa."

Ndinasendera pafupi ndi bokosi. Poyamba ndinkangotsatira mwambo. Koma nditagwira chitenje chija, ndinakumbukira bafa lija ndi foni ija, ndipo zinabwera zokha. Ndinalira bambo anga. Ndinalira mokweza, kuitana mayina, kufunsa kuti mwatisiyira yani. Amayi anandithandiza. Awiri anandigwira m'mapewa. Mayi wa ku Germany anatulutsa kathishu.

Pakati pa kulirako nyimbo inazilala. Nditakweza mutu ndinaona bwana ataima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, pambuyo pawo nkhalamba ina ya chipewa ndi azibambo asanu ndi awiri otuluka thukuta. Bwana anayang'ana pamene panali masofa. Anayang'ana amayi. Anayang'ana bokosi.

Mai Gondwe anagwada, n'kulankhula Chingelezi chawo cha pa mwambo. Anati ife amayi a ku Malawi tamva zovuta zimene zagwa pakhomo pano, ndipo kwathu munthu salira yekha. Anati mnyamatayu wapita akadali wamng'ono, koma Mwini wake ndi amene amadziwa. Amayi onse anati, "Mmm."

Bwana anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu.

"Eneless, wamwalira ndani?"

"Ndimati ndikufunseni inuyo mwambo ukatha, sir."

Anayenda pakati pa amayi, akulumpha miyendo, mpaka pa bokosi. Anachotsa chitenje changa n'kutsegula chivundikiro. Amayi ena anatseka maso. Ine ndinasuzumira. Munali mapulasitiki aja a timatuza timene ana amakonda kuphulitsa, ndi kathumba kamodzi koyamwa chinyezi.

"Amuba!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Bwana anapita pa kathabwa ka miyendo itatu n'kuchotsa nsalu yakuda.

"This is the funeral," anatero.

Linali pepala. Pepala lachikasu, lakale, kukula kwake ngati thireyi, lili m'kati mwa galasi. Pa pepalapo panali chithunzi cha timizere takuda tating'onoting'ono. Alendo aja anathamangira kutsogolo ndi timagalasi tawo, kuiwala ludzu, kuiwala ife.

Nanenso ndinayandikira, poti ndinali nditalilira kale. Analidi maliro. Azibambo onenepa a mawigi atanyamula bokosi, akulira, koma aliyense wabisa anyezi m'kampango kopukutira misozi. Kutsogolo bulu atavala mkanjo wa woweruza milandu. Wansembe akuwerenga buku lozondoka, botolo likusuzumira m'thumba. Mayi wamasiye nkhope waphimba, koma dzanja lake lili m'dzanja la msilikali. Pakona, pamene tizilombo tinadya, galu akukodzera mwendo wa wokumba manda.

Bwana anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza wodwala kuti diso silichira. Anati kalekale ku Ulaya anthu akafuna kunyoza akuluakulu a boma ankajambula zithunzi zotere. Ankazokota pa chitsulo chamkuwa, kupaka inki, n'kudinda pa mapepala. Iwo akhala akutolera zithunzi zimenezi kwa zaka makumi atatu, za maliro okhaokha, ndipo m'study muja muli madirowa odzaza. Ichi ndi chimene chinkawasowa. Mwini wake ku London anakana kuchigulitsa kwa zaka khumi ndi chimodzi.

"Ndiye ndi choseketsa?" anafunsa Mai Gondwe.

"Kwambiri," anatero bwana, nkhope ili gwa.

Ine apa ndinali nditayamba kale kulongedza katundu m'mutu. Masabata atatu pa ntchito. Masofa ali padzuwa, msewu ndatseka, m'nyumba ya eni ndalowetsa anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi popanda chilolezo. Ndinaona visa yanga ikukwera ndege, ine ndikuitsatira pambuyo. Ana anga awiri ku Ntcheu ndikawauza kuti chiyani? Kuti amayi anu anachotsedwa ntchito chifukwa cholira pulasitiki?

A Tembo ndinawaona pa kampata ka makatani akukoka makhwatha a kanjedza mothamanga, chipewa atavala. Kuyambira pamenepo sanabwerenso kufikira Lachitatu.

"Sir, pepani. Masofa ndibweza pompano."

Bwana anavula magalasi. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinati ayambanso kulira, koma kunali kuseka kopanda mawu, kumene kunawakhazika pansi pa kapeti pakati pa amayi a ku Silicon Oasis. Nkhalamba ya chipewa ija, imene inali katswiri wa zithunzi zakale, inati yayenda m'maiko ambiri kuona zithunzi za maliro, koma aka n'koyamba kuchipeza chithunzi chili ndi olira ake.

Bwana atapeza mpweya anafunsa kuti fungo likuchokera kukhitchini ndi la chiyani. Ndinati nkhuku za anamalira. Anati samusa sizikwanira anthu onsewa, nkhukuzo zibwere. Kenako anapempha Mai Gondwe kuti amalize nyimbo imene anaidukiza, koma aimbire chakutali ndi chithunzi chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Anati akazi awo atamwalira panalibe woimba. Ananena zimenezi akuyang'ana kapeti, ndipo amayi anaimba bwino kuposa poyamba.

Ntchito yanga sinathe. Tinadya tonse pansi, katswiri wa zithunzi akulimbana ndi mwendo wa nkhuku ndi manja. Ofesi yoyang'anira dera inatumiza kalata yofunsa za makhwatha, bwana anaiyankha okha. Sofa imodzi inasuluka mbali imodzi, ndipo mpaka lero timaitsamiritsa kukhoma.

Koma amayi anali asanathane nane. Ndinkawaona mmene ankandiyang'anira akutafuna. Tsiku lawo lopuma, ulendo wa maola awiri, misozi yawo yeniyeni.

Pomwe ankavala nsapato kuti azipita, Mai Gondwe anabwerera pa chithunzi chija. Anabwereka kagalasi ka mayi wa ku Germany, n'kuwerama, manja ali kumbuyo kuti asachikhudze.

"Doctor, tisapite osadziwa. Ife talira, taimba. M'bokosi la pa chithunzili muli ndani?"

Bwana analoza timalemba tating'ono pa chivundikiro cha bokosilo. Anati si munthu. Wojambulayo ankanena kuti akuluakulu a m'dziko lake apha chinthu china, ndiye akukachiika m'manda.

"Chinthu chanji?"

"Common sense."

Mai Gondwe anawongoka pang'onopang'ono. Anabweza kagalasi. Anatembenukira kwa amayi amene anadzaza pakhomo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja.

"Amayi, musadandaule, sitinayende ulendo wachabe. Maliro analipo ndithu. Malemu ndi a Nzeru." Kenako anandigwira dzanja ndi manja awo awiri, n'kugwada pang'ono. "Ndipo namfedwa ndi uyu. Pepa, mwana wanga. Limba mtima."

Amayi onse khumi ndi asanu otsalawo anafola mzere, aliyense kundigwira dzanja, aliyense "Pepani, pepani," osaseka ngakhale mmodzi. Mayi wa ku Germany, poona anzake, naye anafola.

Ukamva za maliro, usanamange chitenje, yamba wafunsa dzina la malemu.